Umwini wa ntchito zaluso: zomwe lamulo likunena m'boma la m'malire la Mchinji

Boma la Mchinji lili m'malire a dziko la Malawi ndi Zambia, ndipo nyimbo, mabuku ndi mafilimu zimawoloka chipata cha Mwami tsiku ndi tsiku limodzi ndi anthu ndi katundu. Kuwoloka malire sikufafaniza umwini wa ntchitozi.

M'dziko muno umwiniwu umatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la chaka cha 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1989. Lamulo la 1989 ndi lomwe lidakhazikitsa bungwe la COSOMA, ndipo bungweli lidayamba ntchito mu 1992. COSOMA imapereka ziphaso kwa ogwiritsa ntchito luso la anthu ena, monga nyumba zoulutsira mawu, malo achisangalalo ndi malo ogona alendo, ndi kugawa ndalamazo kwa eni luso.

Malinga ndi lamuloli, ntchito zaluso tingaziike m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la ntchito zomwe zili ndi mwini wake. Wopeka nyimbo, wolemba buku kapena wojambula amakhala mwini ntchitoyo ikangopangidwa, ngakhale asanakailembetse kulikonse. Iye ndiye amaloleza kuti ichulukitsidwe, imasuliridwe, iulutsidwe kapena iimbidwe pagulu. Kugula buku kapena chimbale sikupatsa wogulayo mphamvu yochulukitsa ndi kugulitsa. Ufuluwu umakhalapo moyo wonse wa mwini luso ndi zaka zina 50 iye atamwalira, ndipo phindu la zaka zimenezo limapita kwa olandira chuma chake chamasiye kapena kwa amene adamugulitsa ufuluwo.

Gulu lachiwiri ndi la ntchito zomwe nthawi yake yotetezedwa yatha, ndipo zasanduka za mtundu wonse. Mwachitsanzo, Samuel Josiah Ntara, mlembi wa mabuku a Nthondo ndi Mbiri ya Achewa, adamwalira mu 1976, choncho chaka cha 50 chimwalirireni chake ndi 2026. Malamulo a dziko ndi zigamulo za makhoti nazonso sizili pansi pa chitetezochi, kotero ogwira ntchito m'boma angathe kuzichulukitsa kuti anthu azidziwe.

Gulu lachitatu, lomwe ambiri amalisokoneza ndi lachiwiri, ndi la luso la makolo, monga nthano, miyambi, nyimbo ndi magule. Ngakhale wopeka wake sadziwika, luso limeneli si lopanda mwini. Lamulo lidaika umwini wake m'manja mwa boma mpaka muyaya, m'malo mwa anthu a m'dziko muno. Kuvina Gule Wamkulu pa maliro kapena Ingoma pa mwambo wa Angoni a kwa Zulu ndi Mlonyeni sikufuna chiphaso. Koma wofuna kujambula magulewa ndi cholinga chochita malonda kunja kwa mwambo wake ayenera kupeza chilolezo cha boma. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Gule Wamkulu wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi chimodzi mwa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi.

Pa nkhani ya malire, maiko a Malawi ndi Zambia onse ali m'pangano la Berne la 1886. Malawi idalowa mu 1991 ndipo Zambia idatsatira mu 1992. Panganoli limalamula dziko lililonse kuteteza ntchito za nzika za maiko ena a m'panganomo monga momwe limatetezera za nzika zake. Izi zikutanthauza kuti nyimbo ya woimba wa ku Chipata ndi yotetezedwa pa msika wa Kamwendo, monganso ya woimba wa ku Mkanda ili yotetezedwa ku Lusaka, komwe bungwe la ZAMCOPS limayang'anira ufulu wa oimba.

Lamulo la 2016 lidabweretsanso msonkho wapadera pa zipangizo zosungiramo nyimbo ndi mafilimu. Bungwe lotolera misonkho la MRA limautolera zipangizozo zikamalowa m'dziko muno, ndipo COSOMA imagawa ndalamazo kwa aluso.

Choncho ofesi ya boma yomwe ikukonza msonkhano, kusindikiza kabuku kapena kujambula uthenga wa pa wailesi iyenera kuyamba yafufuza gulu lomwe ntchitoyo ili, kutchula dzina la mwini wake, ndi kupempha chilolezo pomwe lamulo likutero.