Kutenthetsa Mkaka Kuti Chambiko Chigwire Bwino

Alimi ambiri kuno ku Mwanza amadandaula kuti chambiko chawo chimatuluka chamadzimadzi ndipo ogula amachikana. Nthawi zambiri vuto limayambira pa moto.

Chimachitika n'chiyani mkaka ukatentha?

Mkaka wa ng'ombe uli ndi mapuloteni a mitundu iwiri. Magawo 8 mwa 10 ndi omwe amaundana mkaka ukasasa. Magawo 2 otsalawo amakhala m'madzi achikasu aja amene amayenga pamwamba pa chambiko.

Mapuloteni am'madziwa salimba ku moto. Kutentha kukapitirira madigiri 70, amamasuka n'kuyamba kugwirana okhaokha komanso ndi mapuloteni ena aja, monga momwe choyera cha dzira chimalimbira mukachiphika. Mkakawo ukadzasasa, amapanga ngati ukonde wosunga madzi, ndipo chambiko chimagwira. Akasintha chotere sabwereranso mwakale.

Kutenthetsa mkaka pa madigiri 63 kwa mphindi 30 kumapha tizilombo toyambitsa matenda, monga chifuwa chachikulu, koma sikukwanira kulimbitsa chambiko.

Tsatani izi

1. Sefani mkaka wongokama kumene ndi kansalu koyera.
2. Ikani poto wa mkaka mkati mwa poto wamkulu wa madzi kuti usapserere.
3. Tenthetsani mpaka madigiri 85 kwa mphindi 30, mukutakasa. Ngati mulibe choyezera kutentha, onetsetsani kuti ukutuluka nthunzi ndi tithovu m'mbali, koma osabwadamuka.
4. Ziziritsani msanga poika potoyo m'madzi ozizira mpaka mkaka usamvekenso kufunda. Mu Okutobala ndi Novembala kukatentha, sinthani madziwo kangapo.
5. Thirani masupuni awiri kapena atatu a chambiko chabwino pa lita imodzi.
6. Vundikirani, ikani pamthunzi usiku wonse osagwedeza.

Chenjerani

Mkaka womwe wayamba kale kusasa umaundana ukangofika pa moto. Yambani mwawiritsa pang'ono pa supuni. Ukaundana, musausakanize ndi wabwino.

Mkaka woyamba wachikasu, ng'ombe ikangobereka, uli ndi mapuloteni am'madzi ochuluka kwambiri. Ena mwa iwo ndi amene amateteza thole ku matenda. Mukauwiritsa umalimba ndipo chitetezocho chimawonongeka. Musiyeni thole ayamwe m'maola 6 oyambirira, ndipo mkakawu musaugwiritse ntchito popanga chambiko.

Kuti mudziwe zambiri, funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu.