MBUMBA YA GHIGOOIE: MAKOLO A MFUMU JOHN ROSS

Kale, Angelezi akali kulamulira maiko a kum'mawa kwa America, amalonda a ku Scotland ndi a ku Ulster, kumpoto kwa Ireland, anali kukwera m'mapiri a Appalachia kukagula zikopa za nswala kwa anthu a mtundu wa Cherokee. Ambiri a iwo anakwatira komweko. Tsono mwambo wa Acherokee unali wonga wa Acewa: mwana anali wa kwa amace, ndipo mwini mbumba anali mtsibweni, si atate ai.

Mzungu wina womasulira mau, dzina lace William Shorey, anakwatira Ghigooie, mkazi wa pfuko la Mbalame. Mwana wao Anna anakwatiwa ndi John McDonald wa ku Inverness. Iwowa anabala Mollie, amene anakwatiwa ndi Daniel Ross, nayenso wa ku Scotland. Mwa Mollie munabadwa John Ross m'caka ca 1790, pa mudzi wa Turkeytown. Mwa makolo ace asanu ndi atatu a mbadwo wa Ghigooie, mmodzi yekha ndiye anali Mcherokee. Koma popeza mmodziyo anali wa kucikazi, mwanayo anali wa pfuko la Mbalame ndithu, ndipo mu 1828 mtundu unamsankha kukhala mfumu yaikuru.

Mdani wace wamkuru anali Andrew Jackson, amene makolo ace anacokera ku Ulster mu 1765. Awiriwa anamenya nkhondo mbali imodzi pa Horseshoe Bend mu 1814. Koma Jackson atakhala pulezidenti, anasaina lamulo la 1830 losamutsa eni dziko kunka kutsidya la mtsinje wa Mississippi. Ross anakana zolimba. Pamene kagulu kakang'ono kanagulitsa dziko pa pangano la New Echota mu 1835, iye anatumiza ku Washington kalata ya madandaulo yokhala ndi maina oposa 15,000, koma boma silinamvere.

Mu 1838 asilikali anasonkhanitsa anthu m'misasa, ndipo ulendo wowawa unayamba. Anthu ngati 4,000 anafa ndi matenda, njala ndi cisanu. Mkazi wa Ross, Quatie, anamwalira pafupi ndi Little Rock mu 1839.

Ross anafika ndi otsalawo ku dziko limene lero licedwa Oklahoma, nawatsogolera kufikira imfa yace mu 1866. Maliro ace ali pa Park Hill, pakati pa anthu a amace.