Mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya ndi Luso la Kulinganiza Ntchito Yomanga

Tawuni ya Livingstone inakula chifukwa cha njanji, ndipo njanjiyo sikanafika kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi popanda mlatho umene unamangidwa kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya m'zaka za 1904 ndi 1905. Anthu ambiri amatama mlathowu chifukwa cha kukongola kwake, koma chimene chiyenera kutamandidwa koposa ndi ndondomeko ya ntchito yake, ndiko kuti nzeru yodziwa chimene chiyambe, chimene chitsatire, ndi chimene chingachitike nthawi imodzi ndi chinzake popanda kuyembekezana.

Ganizo la mlathowu linali la Cecil Rhodes, amene ankafuna njanji yochokera ku Cape kukafika ku Cairo, ngakhale kuti iye anamwalira mu 1902 ntchito isanayambe. George Hobson wa kampani ya Sir Douglas Fox and Partners ndiye anajambula mapulani, Ralph Freeman anawerengetsa mphamvu imene chitsulo chilichonse chidzasenze, ndipo kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington ku England inasula zitsulo zonse, zimene zinabwera pa sitima yapamadzi mpaka ku doko la Beira, kenaka pa njanji kudzera ku Bulawayo. Popeza fakitale inali kutali chotero, chitsulo chimodzi cholakwika kapena chochedwa chikanaimitsa ntchito kwa miyezi, ndipo n'chifukwa chake muyeso wa chigawo chilichonse unayenera kutsimikizidwa chisananyamuke.

Vuto lalikulu linali phompho lenilenilo, lakuya mamita oposa 100, m'mene simukanaimikidwa mizati yochirikiza. Motsogozedwa ndi injiniya wa ku France, Georges Imbault, omangawo anayamba ndi kuwolotsa chingwe chachitsulo chokhala ndi ngolo yoyendera magetsi, imene inkanyamula katundu wofika matani 10 ulendo umodzi. Chingwechi chinathandiza kuti uta wa mlatho umangidwe kuchokera mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, komanso, chimene chili chofunika kwambiri pa mbiri ya Zambia, chinawolotsa zitsulo za njanji ndi injini ya sitima yophwasulidwa m'zigawo, kotero kuti kuyala njanji yolowera ku Kalomo kunapitirira mlatho usanathe. Zigawo ziwiri za utawo zinalumikizidwa m'mawa wa pa 1 Epulo 1905, chitsulo chitazizira usiku n'kufupika pang'ono, pakuti chitsulo chimatalika chikatenthedwa ndi dzuwa. Apa n'zoonekeratu kuti ngakhale ola la tsiku linali mbali ya ndondomekoyo. George Darwin anatsegulira mlathowu, wotalika mamita 198, pa 12 Seputembala 1905, ndipo mu 1906 njanji inafika ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe. N'zomvetsa chisoni kuti Aafirika mazanamazana amene anakumba maziko ndi kusenza zitsulozo satchulidwa mayina m'mbiri imene imasimbidwa kawirikawiri, chonsecho thukuta lawo ndilo linkakwaniritsa masiku olembedwa pa pepala.

Zonsezi zinachitika njira zamakono zolinganizira ntchito zisanabadwe. Tchati cha Henry Gantt, chosonyeza ntchito iliyonse ngati mzere woyala pa kalendala, chinafala m'zaka za m'ma 1910, pamene njira yofufuza mndandanda wa ntchito zimene zikachedwa zimachedwetsa chimango chonse inayambika ku America cha m'ma 1957. Masiku ano mainjiniya amagwiritsa ntchito BIM, imene ndi chifaniziro cha pa kompyuta cha chimango chonse, m'mene chitsulo kapena khoma lililonse limakhala ndi muyeso wake, mtengo wake ndi tsiku loikidwira, kotero kuti woyang'anira amatha kuyerekeza zimene zamangidwa ndi zimene zinalonjezedwa sabata imeneyo. Komabe chida chotere sichichotsa zifukwa zonse zochedwetsa ntchito, monga unaonetsera mlatho wa Kazungula, wa mamita 923, kumadzulo kwa Livingstone, umene unayambidwa mu 2014 n'kutsegulidwa mu Meyi 2021, ntchito itaimapo mu 2019 chifukwa cha kuchedwa kwa malipiro a kampani yomanga.