Magalimoto Akale a ku Cuba: Kukonza Chinthu Chili pa Ulendo

Nkhani yathu ya mbiri lero ikutitengera kutali, ku chilumba cha Cuba, kumene kuli magalimoto amene anapangidwa agogo athu ali anyamata, koma mpaka pano akunyamulabe anthu kupita nawo ku ntchito. M'mayiko olemera, munthu akafuna kukonzanso galimoto yakale amaitsekera m'garaja zaka ziwiri kapena zitatu, naiphwasula yonse mpaka kabawuti kotsiriza, ndipo imatulukamo pokhapokha ntchito itatha. Ku Cuba sizinatheke kutero, pakuti galimoto imene ikukonzedwa madzulo ndi yomweyo imene iyenera kudyetsa ana m'mawa mwake. Anthu a kumeneko akhala akukonza magalimoto awo pakhomo, m'mbali mwa msewu, kwa zaka zoposa 60, osawaimitsa.

Tiyambe ndi mmene magalimotowa anafikira. Cuba ali pa mtunda wa mailosi 90 okha kuchokera ku Key West, kumapeto kwa Florida m'dziko la America. M'zaka za m'ma 1950, pamene dzikolo linali m'manja mwa Fulgencio Batista, magalimoto a Chevrolet, Ford, Buick, Plymouth, Dodge ndi Cadillac ankatsika padoko la Havana chaka chomwecho chimene atulukira m'fakitale, ndipo kunali chombo chowolotsa anthu pamodzi ndi magalimoto awo pakati pa Key West ndi Havana. Kumidzi kunali umphawi waukulu, koma mumzinda galimoto yatsopano inali chizindikiro chakuti munthu wafikapo. Boma la Batista, pofuna kukopa alendo, linakhazikitsa mpikisano wa liwiro pa msewu wa m'mbali mwa nyanja wotchedwa Malecón. Mu 1957 anapambana ndi katswiri wa ku Argentina, Juan Manuel Fangio. Chaka chotsatira, mu February 1958, usiku woti mawa lake ndi mpikisano, anyamata a gulu la Fidel Castro anamugwira Fangio mu Hotel Lincoln ndi kukamubisa. Sanamuchite choipa, cholinga chawo chinali kuchititsa manyazi boma pamaso pa dziko lonse lapansi, ndipo anamumasula mpikisano utatha. Mpikisanowo unathera panjira, galimoto ina italowa m'khamu la oonerera ndi kupha anthu 7.

Pa 1 January 1959 Batista anathawa, ndipo Castro analowa mu Havana patapita sabata imodzi. Ubale ndi America unasokonekera msanga. Boma latsopano litalanda makampani a Amereka, Pulezidenti Eisenhower analetsa mu October 1960 kutumiza katundu ku Cuba kupatula chakudya ndi mankhwala, ndipo mu February 1962 Pulezidenti Kennedy anakulitsa chiletsocho kuti chikhudze malonda onse. Chakudza sichiimba ng'oma. Munthu amene anagula Chevrolet yake mu 1957, akuganiza kuti adzaigulitsa pakatha zaka zitatu n'kugula ina, anadzuka tsiku lina n'kupeza kuti galimoto yatsopano sibweranso, ndiponso kuti pulagi, lamba wa fani, ngakhale kamphira ka mabuleki sizidzatsikanso padoko.

Ambiri akamasimba nkhaniyi amaimira pa chiletso cha America, koma pamenepo ndi theka chabe. Theka linalo ndi lamulo la boma la Cuba lomwe. Kwa zaka pafupifupi 50, magalimoto okhawo amene anali m'dzikomo kusintha kwa boma kusanachitike ndiwo amene anthu wamba ankaloledwa kugulitsana momasuka. Magalimoto atsopano ankabwera ndithu, makamaka Lada, Moskvich ndi Volga zochokera ku Soviet Union, ndi kagalimoto kakang'ono ka Fiat ka ku Poland kamene anthu anakapatsa dzina loti polaquito. M'ma 1970 kunabweranso Ford Falcon ndi Peugeot 404 zopangidwa ku Argentina. Koma zimenezi ankagawa ndi boma, kwa madokotala, akuluakulu a ntchito, akatswiri a masewera ndi ena amene laona kuti ayenera, ndipo wolandirayo sankaloledwa kugulitsa kwa mnzake. Chotero Buick yakutha inali chuma chenicheni cha banja, chimene munthu akanatha kusinthanitsa, kugulitsa pa tsiku la mavuto, kapena kusiyira mwana wake. Munthu sataya chinthu chotere chifukwa choti chayamba kutsokomola.

Mwayi unalipo ndi wakuti magalimoto a nthawi imeneyo anamangidwa m'njira yoti munthu wa sipanala ndi nyundo angathe kuwamvetsa. Pansi pali chimango cha zitsulo ziwiri zochindikala, ndipo thupi la galimoto limangokhazikidwa pamwamba pake n'kumangidwa ndi mabawuti. Tanthauzo lake n'lakuti dzimbiri likadya chitseko kapena pansi poponda, galimoto sithyoka msana; mwini wake amadula pamene pawola, n'kuwotchererapo chitsulo china, mawa n'kubwerera pamsewu. Injini zambiri zinali za masilinda 6 ondondozana, zokhala ndi kabureta imodzi ndi mawaya owerengeka, ndipo pansi pa bonati panali malo aakulu, okwanira kulandira injini ya mtundu wina uliwonse. Kunalibe kompyuta yoti ikane. Mdani wamkulu anali mpweya wa mchere wochokera kunyanja, umene umadya chitsulo usana ndi usiku.

Tsono kukonza galimoto imene sikuima kuli ndi malamulo ake, osiyana ndi a munthu wa garaja yotseka. Ntchito iliyonse iyenera kukwanira mu usiku umodzi kapena tsiku Lamulungu, chifukwa Lolemba m'mawa matayala onse anayi ayenera kukhala pansi. Sungamasule zinthu ziwiri zazikulu nthawi imodzi. Chimene chingaphe munthu ndicho chimayamba: mabuleki, chiwongolero, matayala. Kenaka chimene chingakusiye panjira: madzi oziziritsa injini, batire, pampu ya mafuta. Penti ndi mipando zimadikira, nthawi zina zaka khumi. Chitsulo chimene chachotsedwa sichitayidwa, chimapita pansi pa bedi kapena padenga, pakuti tsiku lina chidzasulidwa kukhala chinthu china. Amisiri a ku Cuba anaphunzira kusula madigadi ndi nyundo pa chitsa, kudula magasiketi pa katoni ndi pa mphira wa tayala, kupota pa makina osemera zitsulo kachipangizo kamene fakitale yake inasiya kupanga kalekale. Magalimoto akale anali ndi magetsi a mphamvu ya mavoti 6, kufikira pamene Chevrolet inasintha kupita ku 12 mu 1955 ndi Ford mu 1956. Ambiri mwa akalewo eni ake anawasinthira okha ku 12 kuti agwirizane ndi mabatire amene ankapezeka. Kabureta ya Lada inakhala pa injini ya Plymouth, giyabokosi ya Volga pansi pa Ford.

Luso limeneli silinali la mabanja okha. Mafakitale a shuga ndi a magetsi nawonso anali odzaza ndi makina a ku America opanda masipeya, ndipo Ernesto Che Guevara, atakhala nduna ya za mafakitale mu 1961, ankalimbikitsa antchito kuti azidzipangira okha zipangizo. Mu 1976 boma linakhazikitsa bungwe la anthu opeka ndi okonza zinthu, lodziwika ndi zilembo zoti ANIR. Munthu amene masana amapeka njira yoyendetsera chigayo cha nzimbe, madzulo ankagwiritsa ntchito nzeru yomweyo pa Dodge yake.

Mayeso aakulu anadza pamene Soviet Union inagwa mu 1991. Mafuta otsika mtengo amene ankabwera posinthana ndi shuga analeka, ndipo dziko linalowa m'nyengo imene Castro anaitcha Nyengo Yapadera. Mabasi anaima. Boma linagula njinga zakapalasa zochuluka ku China, ndipo m'Havana munayamba kuyenda zingolo zazitali zokokedwa ndi mutu wa lole, zimene anthu anazitcha ngamila chifukwa cha malinunda awiri a denga lake. Mu 1992 nyumba yosindikiza mabuku ya asilikali inatulutsa buku lotchedwa Con nuestros propios esfuerzos, kutanthauza kuti "ndi mphamvu zathu zomwe", losonkhanitsa njira zimene anthu wamba anapeka zokonzera zinthu ndi kupanga zosowa. Mu 1993 boma linalola anthu kugwira ntchito zina paokha ndi kusunga madola, ndipo m'zaka zotsatira magalimoto akale aja anasanduka matola a mumzinda. Amene anakwerapo matola kwathu kuno adziwa mmene zimakhalira: njira ndi imodzi, mtengo ndi umodzi, ndipo mpando wa anthu atatu umalandira anayi. Oyendetsawo amatchedwa boteros, ndipo galimotoyo almendrón, kuchokera ku dzina la mtedza wa almond, chifukwa cha thupi lake lobulungira.

Pa nthawi imeneyi m'pamene magalimoto ambiri anataya mitima yawo yoyamba. Injini ya petulo ya ku America imamwa mafuta ngati ng'ombe yaludzu, pamene ya dizilo imayenda mtunda wautali ndi mafuta ochepa, ndipo dizilo ankapezeka mwamseri kuchokera m'malole ndi m'mathirakitala a boma. Eni ake anazula injini zakalezo n'kuikamo za dizilo za Perkins, Toyota, Hyundai, Mitsubishi kapena Mercedes. Koma kusintha injini kumakoka zina: giyabokosi iyenera kugwirizana nayo, shafuti iyenera kudulidwa kapena kutalikitsidwa, masipuling'i akutsogolo ayenera kupirira kulemera kwatsopano. Zonsezi zinkachitika pang'onopang'ono, ndalama zikapezeka, galimoto ili pantchito.

Pali nkhani imodzi imene imaonetsa pamene lusoli linafika, ndiponso pamene mavuto anafika. Mu July 2003 asilikali olondera gombe la America anapeza panyanja, pa mtunda wa mailosi pafupifupi 40 kuchokera ku Key West, lole ya Chevrolet ya 1951 ikuyandama, m'katimo muli anthu 12. Anali ataimata pansi kuti madzi asalowe, atamangirira migolo m'mbali, ndi kulumikiza chopalasira madzi ku shafuti, dalaivala ali pa chiwongolero monga ali pamsewu. Anthuwo anawabweza ku Cuba, ndipo loleyo anaimiza. Mu February 2004 ena mwa iwo anayesanso, ulendo uno ndi Buick ya 1959.

Akatswiri osonkhanitsa magalimoto akale ku America ndi ku Ulaya amati ambiri a ku Cuba alibe mtengo, popeza kwa iwo galimoto yamtengo ndi imene nambala ya injini yake ikugwirizana ndi ya m'mabuku a fakitale. Pa muyeso wawo akunena zoona. Taonani galimoto ya wolemba mabuku Ernest Hemingway, Chrysler New Yorker ya 1955, imene anaisiya pochoka ku Cuba mu 1960. Inadutsa m'manja ambiri, ndipo patapita zaka pafupifupi 50 inapezeka itawonongeka kwambiri, n'kuitengera ku nyumba yake yakale ya Finca Vigía, imene tsopano ndi nyumba yosungiramo zakale. Kuti ibwerere mmene inalili panafunika zipangizo zenizeni za Chrysler, ndipo chiletso chomwechija chinachedwetsa ntchitoyo. Ine ndikuona kuti muyeso umenewu ndi woyenera galimoto ya munthu wotchuka, koma ndi wopanda chilungamo pa almendrón. Chevrolet ya injini ya ku Korea, mabuleki a ku Russia ndi chitseko chosulidwa pa chitsa imasimba mbiri ya chilumbacho bwino koposa imene yangokhala mu nsalu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Komabe tisakometse zinthu mopitirira. Magalimotowa alibe malamba omangira okwera, utsi wa dizilo umadetsa misewu ya Havana, ndipo mabuleki opangidwira banja limodzi amavutika kuimitsa anthu asanu ndi atatu ndi katundu wawo. Eni ake ambiri, mukanawapatsa galimoto yatsopano pa mtengo woyenera, akanailandira tsiku lomwelo.

Mtengo woyenerawo ndiwo sunabwere. Mu October 2011 boma la Raúl Castro linalola anthu kugulitsana galimoto ya chaka chilichonse, ndipo mu January 2014 linachotsa kalata ya chilolezo imene inkafunika pogula yatsopano. Anthu atapita kukaona mitengo anapeza Peugeot 508 italembedwa madola 262,000, m'dziko limene wantchito wa boma ankalandira madola pafupifupi 20 pamwezi. Anabwerera kunyumba kukatenga masipanala awo. Amene amalemba za nkhaniyi kawirikawiri amati magalimoto akale a ku America otsala pachilumbapo ndi pafupifupi 60,000.

Pulezidenti Obama ndi Raúl Castro atalengeza mu December 2014 kuti akonza ubale wa mayiko awo, alendo anachuluka, ndipo dongosolo la kakonzedwe lija linatembenuzika kwa ena: penti yowala ndi mipando yoyera zinayamba kubweretsa ndalama zambiri koposa injini yabwino. Magalimoto ena anadulidwa madenga kuti alendo azijambulitsa ali poyera pa Malecón, ndipo masipeya anayamba kufika m'masutikesi a achibale ochokera ku Miami. Mliri wa Covid-19 mu 2020 unathamangitsa alendowo, mafuta anayambanso kusowa, ndipo pa 1 March 2024 boma linakweza mtengo wa petulo kasanu. M'misewu imene almendrón inali mfumu munachuluka njinga zamoto zoyendera magetsi ndi tingolo ta matayala atatu ta batire, tonyamula anthu pa njira zomwezo.