Nchenche Imene Anaijambula Mwadala

Tsiku lina ndinaonetsa ana a m'kalasi langa cithunzi pa foni: maluwa odzaza m'botolo pawindo, amene Ambrosius Bosschaert anajambula ca m'ma 1618. Lero cithunzico cili ku Mauritshuis, mumzinda wa The Hague. Mtsikana wina anaciyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga nchenche iyi ifuna ciani pamalo okongola conco?"

Funso lake linali labwino kuposa phunziro limene ndinakonza.

M'zaka za m'ma 1600 dziko la Netherlands linalemera ndi malonda a panyanja. Zombo zinali kubweretsa zokometsera zakudya, zigoba za m'nyanja zakutali ndi mbewu zacilendo, ndipo cuma cina cinacokera ku malonda a akapolo. Anthu olemera anakonda kwambiri duwa la tulip, locokera ku Turkey. Mtundu wa Semper Augustus, wa mizere yofiira ndi yoyera, anyezi wake mmodzi ankamuchulira mtengo wa nyumba. Mu February 1637 mitengo inagwa mwadzidzidzi. Cimene ogulawo sanadziwe n'cakuti mizere ija inali matenda, kacilombo kofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba.

Ojambula anali kuika pamodzi maluwa amene samasula nyengo imodzi. Conco maluwa a Bosschaert sanakhalepo m'botolo limodzi: anawasonkhanitsa kucokera ku zojambula za miyezi yosiyanasiyana. Pakati pa ulemerero wopeka umenewu anali kuikamo tizilombo, ndipo Mkhristu wa nthawi imeneyo akanatha kutiwerenga ngati ulaliki. Nchenche inali kukumbutsa za kuwola. Tsamba lodyedwa ndi mbozi linali kunena kuti thupi silikhalitsa. Gulugufe, amene amacokera ku mbozi yomweyo, anali cizindikiro ca mzimu ndi kuuka kwa akufa.

Koma si kacilombo kalikonse kanali ulaliki. Rachel Ruysch, wobadwa mu 1664, anakulira m'nyumba ya atate ake Frederik Ruysch, katswiri wa zomera ndi thupi la munthu. Iye anajambula nyerere, nkhono ndi abuluzi monga munthu wozidziwa bwino. Anabereka ana khumi ndipo anajambulabe ali ndi zaka zoposa 80. Maria Sibylla Merian anacoka ku Amsterdam mu 1699 kupita ku Suriname kukaona yekha mmene mbozi zimasandukira.

Ndiye nchenche ija inali kugwira nchito ziwiri. Inali kucenjeza wogula kuti cuma cimatha, komanso inali kuonetsa luso la wojambula, n'kukweza mtengo wa cithunzi. Wolemera anali kulipira ndalama zambiri kuti akoloweke cenjezo pakhoma.

Nditafotokoza zonsezi, mtsikana uja anati, "Ife tikajambula pa foni timabisa zipsera zonse." Kalasi lonse linaseka. Ine ndinangokhala cete, popeza cithunzi canga ca pa WhatsApp n'ca zaka zisanu zapitazo.