Mbiri ya Kumata ndi Kukongoletsa Makoma ku Katete, Sinda ndi Vubwi

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, kumene Achewa a Kalonga Gawa Undi amakhala moyandikana ndi Ansenga ndi Angoni, luso lokonza khoma lisanapakidwe utoto ndi lakale kuposa simenti, ndipo ngakhale zipangizo zasintha kangapo, lamulo lake silinasinthe: khoma lachinyezi siligwira chokongoletsa. Kuti anthu a kuno anazolowera dothi loyera kalekale zimaoneka m'mapanga monga la Makwe, m'boma la Katete, limene David Phillipson analifufuza n'kulifotokoza m'buku lake la 1976, pakuti pamiyala yake pali zithunzi zoyera zimene makolo anajambula.

Nyumba yakale inali yozika mitengo, ndipo ntchito yake inkagawidwa potsata mwambo wa chikamwini, umene mwamuna amakamanga kwawo kwa mkazi. Mkamwini ankadula mitengo, kumanga phaso ndi kufolera, kenako pankabwera kuphoma, kumene ndi kuponya dothi loponda pakati pa mitengoyo kufikira khoma litatsekeka. Khoma lophomedwa linkasiyidwa kuti liume ndi kung'aluka mmene lingathere, chifukwa amayi ankadziwa kuti dothi limafota likamauma, ndipo womata msanga amabwereza ntchito. Ming'alu itatsekedwa, ankazira ndi tsiro, dothi losalala losungunula m'madzi, n'kukulungiza ndi nkhulungo, mwala wosalala umene umalimbitsa pamwamba. Pomaliza ankalemba mizere ndi maluwa pogwiritsa ntchito katondo wofiira, dothi lakuda la kudambo, dothi loyera ndi phulusa. Ntchitoyi inkachitika m'chilimwe anthu atakolola, ndipo inkabwerezedwa chaka ndi chaka, kotero kuti khonde losazira linkachititsa manyazi mwini nyumba wamkazi.

Kusintha koyamba kunadza ndi amishoni ndi boma la atsamunda. Mpingo wa Dutch Reformed unatsegula mishoni ya Magwero mu 1899 ndi ya Nyanje, imene tsopano ili m'boma la Sinda, mu 1905, ndipo pambuyo pake Akatolika anamanga ku Chassa ndi ku Vubwi, pamene chipatala cha St Francis ku Katete chinayamba mu 1948. M'malo oterewa anyamata anaphunzira kuumba njerwa m'chikombole, kuotcha uvuni, kuwongola khoma ndi chingwe, ndiponso kupaka njereza, imene ambiri amaitcha laimu. Njereza imachokera ku miyala yootchedwa n'kuthiridwa madzi, ndipo ikapakidwa imalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya, koma siitsekereza chinyezi, motero inkagwirizana ndi makoma a dothi ndi a zidina, zimene ndi njerwa zoumitsa padzuwa. Amuna obwerera kuchokera ku mapulazi ndi migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Copperbelt anafalitsa nyumba zamakona anayi zopaka njereza, ndipo apa m'pamene ntchito ya khoma inayamba kuchoka m'manja mwa amayi n'kupita kwa mmisiri wolipidwa.

Simenti ya m'dziko muno inayamba ndi kampani ya Chilanga, imene inakhazikitsidwa mu 1949 kumwera kwa Lusaka, koma popeza Katete ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku likulu, thumba lake linali la boma, mishoni ndi eni masitolo kufikira msewu wa Great East utaikidwa phula pambuyo pa ufulu wa 1964. Kukwezedwa kwa Sinda ndi Vubwi kukhala maboma paokha mu 2012 kunachulukitsa ntchito yomanga maofesi ndi nyumba za antchito, ndipo kutsegulidwa kwa fakitale ya Dangote ku Masaiti mu 2015 kunatsitsa mtengo wa simenti, mwakuti pulasitala, amene ndi simenti yosakaniza ndi mchenga yomatira khoma, anafika ngakhale m'midzi.

Pulasitala anabwera ndi malamulo ake, pakuti simenti siilimba chifukwa chouma koma chifukwa chogwirana ndi madzi, n'chifukwa chake khoma latsopano limathiriridwa kwa masiku pafupifupi 7 kuti lisang'aluke kapena kufumbutuka, makamaka m'kutentha kwa Okutobala. Likatero limasiyidwa kwa masiku pafupifupi 28, nthawi imene simenti imafikira mphamvu zake ndipo ukali wake, umene umawononga penti ya mafuta, umachepa. Chinyezi chikamatuluka chimasiya ufa woyera wonga mchere, umene mmisiri amauchotsa ndi burashi youma, kenako amatseka ming'alu, kusalaza ndi sandipepala, kupukuta fumbi ndi kupaka utoto woyamba wotchedwa pulayimala, umene umamanga pamwamba pa khoma kuti penti yeniyeni igwire ndipo isamwedwe mosiyanasiyana. Matailosi, amene anafala m'mabafa, m'makhitchini ndi m'masitolo m'zaka zaposachedwapa, amafuna zosiyana pang'ono, chifukwa khoma lake liyenera kukhala lowongoka poyeza ndi levulo koma lokhakhala, kuti simenti yomatira ipeze pogwira; mmisiri amaligogoda, ndipo pamene pakumveka phokoso la mphako amagumula n'kumatanso.

Kusiyana kwakukulu kwa zakale ndi zatsopano kuli pa mtengo wa kulakwitsa. Tsiro ndi njereza zimalola khoma kutulutsa chinyezi, ndipo zikayoyoka zimabwerezedwa ndi dothi la pafupi, pamene penti ya mafuta ndi matailosi zimatsekera madzi m'kati, kotero kuti khoma losauma limatupitsa penti ndi kugwetsa matailosi ogulidwa ndi ndalama za chaka chonse. Popeza ndalamazo zimachokera ku thonje, fodya, mtedza ndi chimanga, zimene zimagulitsidwa kuyambira mwezi wa Meyi, ambiri amamanga mothamangira mvula ya Novembala ndi Khirisimasi, ndipo masiku odikira ndiwo amayamba kudulidwa. Amisiri odziwa ntchito amauza mwini nyumba kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo potero amabwereza chimene amayi ozira ankachita pamene ankasiya khoma lophoma kuti lithe kung'aluka asanabwere ndi tsiro.