Mbiri ya Mudzi wa Cateme

Abale atsogoleri, Cateme ndi mudzi wa dzulodzuloli, koma mbiri yake tiyenera kuisunga. M'zaka za 2009 ndi 2010 kampani ya Vale, pofuna kukumba malasha, inasamutsa mabanja oposa 1,300 a ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe. Mabanja a alimi oposa 700 anawapereka ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kucokera ku Moatize. Ena anakakhala ku bairro la 25 de Setembro.

Kwao kwakale anthuwa ankapeza ndalama poumba njerwa, kulima madimba ndi kugulitsa makala, popeza msika unali pafupi. Ku Cateme analandira nyumba za simenti ndi malata, inde, koma makoma ambiri sanacedwe kung'aluka. Anawalonjeza mahekitala awiri, poyamba n'kulandira imodzi yokha, penanso yamiyala. Msika nawo unatalika. N'cifukwa cake pa 10 Januwale 2012 anthu anatseka njanji ya malasha.

Tsono m'makalasi mwathu tifunse akuluakulu maina a minda, madambo ndi manda akale. Ophunzira alembe okha, kuti ana obadwira ku Cateme adziwe kumene makolo awo anacokera.